M'mawa umene abambo a ana sanandidzutse

Ine sukulu ndinangoilawa ngati mchere, koma nkhani iyi ndilemba ndekha, olo zilembo zipendame ngati chimanga cha pamtsetse.

Amuna anga anali munthu wodzutsa mudzi. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo n'kukuwa moimba: "Amayi a ana, dzukani-i, mbuzi zanu zikudya khola-a!" Ine m'bulangete n'kuyankha: "Zidye, n'zanu zomwe!" Ndikamatuluka n'kupeza azitulutsa kale, ine n'kumati munthu wanji wosaleza mtima, kudzutsa mnzake kenaka ntchito n'kugwira yekha. Zaka ndi zaka, nyimbo yomweyo, mkangano womwewo.

Anamwalira chimanga chili m'mawondo. Nyumba inangoti zii.

Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anali atawajambula mawu aja pafoni akadali moyo. Patapita miyezi anandibweretsera kompyuta yakale, ya chibokosi pansi, galasi pamwamba, kuti ndizionerapo makwaya ndi zithunzi za zidzukulu. Sola padenga, batire pakona. Ndiye anachita zomwe amadziwa iye, kuti ndikangodina batani, kompyuta iyambe yakuwa ndi mawu a bambo ake. Tsiku loyamba ndinangokhala pansi osafuna. Lachiwiri ndinaseka. Lachitatu ndinayankha. Kuyambira apo tsache sindinkaligwira ndisanadine batani n'kukangana nawo. Foni ya mwanayo inadzabedwa m'minibasi, mawuwo n'kutsala m'bokosi muja mokha.

Chaka chitatha, abale a malemu anabwera kuchokera kwa Nthache, ena pansi ena panjinga, kudzandisudzula. Ndi mwambo womasula mkazi wamasiye, kuti asakhalenso womangika kwa womwalirayo. Wotsogolera anali alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, mayi wa lilime lakuthwa ngati chikwanje. Pansi pa mtengo wa mango anati, "Alamu, takusudzulani. Mwamasuka inu, nayenso mlongo wathu wamasuka, apite akapume." Tinaomba m'manja, tinadya, ndinavinanso pang'ono, poti ine miyendo siimva za chisoni nthawi yaitali.

Masana omwewo mwana wanga analowa m'nyumba ndi foni yake yatsopano. "Amayi, kompyutayi yatsalira, ndiipange apudeti."

"Apudeti n'chiyaninso?"

"Kuiveka zatsopano m'kati."

"Iveke, mwanawe, lero tonse tikuvala zatsopano."

Kutacha analawira kubwerera kuntchito. Ine ndinavundukula nsalu yophimba kompyuta, n'kudina batani, pakamwa nditakonza kale yankho. Kanyali kanayaka. Galasi linayera. Zii.

Mayo ine! Ndinangoti kakasi, chala chili m'malere.

Ndinazimitsa, ndinayatsa. Zii. Ndinati kaya makoswe adya waya, ndinautsata ndi manja kuchokera kubokosi mpaka kusipika, wathunthu ngati chingwe chatsopano. Ndinapotokola kokwezera mawu mpaka kumapeto. Ndinagwedeza sipika, munagwa mphemvu imodzi, yamoyo, n'kuthawa. Ndinati eya, ndi iweyo unatseka pakhosi! Kuyatsanso, zii. Ndiye ndinadina pa chithunzi cha kwaya, ndipo kwaya inaphulika mwamphamvu mpaka nkhuku zinabalalika pakhonde. Ha! Pakhosi pali bwinobwino, anthu ena onse akuimba, koma amuna anga okha ndiwo akhala chete.

Alamu anali atagona kwathu chifukwa miyendo inkawapweteka. Anasuzumira pakhomo.

"Mukulimbana n'chiyani, alamu, m'mawa uno?"

"Mlongo wanu sakuyankhula."

Anagwira pakamwa. Kenaka anagwedeza mutu ngati woweruza mlandu. "Nanga dzulo tinati chiyani pansi pa mango paja? Wamva. Wapita. Munthu uja anali womvera mwambo."

"Womvera? Yemwe uja ankayamba kulawa ndiwo za alendo asanasambe m'manja?"

"Kumanda anthu amasintha, alamu. Musiyeni."

Ndinaseka, koma ndinayamba kudzifunsa. Nanga bwanji tsiku lomwelo? Ndinavomera ndekha ndi manja anga awa kuti apite, ndinavinanso. Kodi ndawathamangitsa ndine?

Ndinakwera pachulu pomwe foni imagwira, n'kuimbira mwana. Nditamufotokozera anati: "Amayi, si mwambo ayi, ndi apudeti ija. Mwina yafufuta. Ndalakwa ine, amayi." Kufufuta! Mawu amenewo ndimawadziwa kuyambira kusukulu kuja, pomwe aphunzitsi ankapukuta bolodi n'kusatsala kanthu. Anandiuza kuti kuboma, kuseri kwa msika, kuli mayi wokonza makompyuta.

Bokosi ndinalikulunga zitenje ziwiri, n'kulifungatira pamiyendo panjinga yamoto ngati mwana wodwala malungo. Alamu nawo anakwera ina. "Ndipita nawo, ndikaone m'mene mukachitire manyazi." Mabampu onse a kwa Kanduku ndinkangoti pepani, pepani, abambo a ana.

Wokonzayo anali mayi wachisilamu, mpango kumutu, magalasi pamphuno, atakhala pakati pa mawaya ngati nkhuku pamazira. Anamvetsera nkhani yonse osaseka, ngakhale ya mphemvu. Analumikiza bokosi kugalasi lake, n'kudinadina.

"Agogo, apa pagalasi pali kabokosi kochonga, kouza makina kuti azilira akamadzuka. Apudeti yachotsa chizindikiro chake. Ndachibwezera. Tiyatsenso timve."

Ndinakonza nthungululu kukhosi. Kanyali kanayaka. Ndiye: ngili-ngili-ngiii.

"Iii! Awa si amuna anga!"

Alamu anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mlongo wanga wasanduka belu la njinga!"

Ine sindinaseke. Mayi uja anavula magalasi. "Ndaona chomwe chachitika. Mwana wanu anachotsa kulira kwa makinawa n'kuikapo mawu a abambo pamalo pomwepo. Apudeti itabwera inachita ngati mwini munda wopeza mbewu za wina m'munda mwake. Yazula, yadzala zake."

"Ndiye apita?"

"Pamenepo apita, agogo, sindikunamizani."

Ndinakhala pabenchi, chitenje kumaso. Kunja malole a ku Mozambiki akudutsa, anthu akuitanira malonda, ine osamva kanthu. Ngakhale alamu anasiya kuseka, n'kundigwira phewa.

"Koma taimani," anatero mayi uja. "Mwana wanu asanawaike apo, ayenera kuti anayamba wawatsitsa kuchokera pafoni n'kuwasiya penapake. Kompyutayi inabwera mwezi wanji?"

"Mwezi? Mayi, ine miyezi ndimaidziwa ndi khasu. Tinali tikukumba mtedza."

"Mtedza wa chaka chatha?"

"Womwewo, uja unadyedwa ndi chiswe."

Anawerenga pazala, n'kutsegula malo ena odzaza timafayilo ta mawu topanda maina, manambala okhaokha. Anasankha ta miyezi ya mtedza. Koyamba: khanda likulira, mdzukulu wanga. Kachiwiri: mlaliki wina wake. Kachitatu: mphepo, tambala patali, kenaka...

"Amayi a ana, dzukani-i, mbuzi zanu zikudya khola-a!"

Ambuye! Ndinadzuka, ndinalumpha, nthungululu inatuluka yokha, ogula mafoni pakhomo n'kutembenuka. Koma mayi uja anakweza dzanja. "Khalani chete, agogo, sanathe."

Sanathe? Ine ndimadziwa kuti amathera pa khola. Kani mwana uja anadula, n'kundipatsa kamutu kokha. Tinamva mawu a mkazi ali patali m'nyumba, okalipa, a tulo: "Zidye, n'zanu zomwe!" Ine ndemwe! Kani ndimamveka chonchi? Kenaka amuna anga kuseka, kuseka kuja kwa m'mphuno, n'kutsitsa mawu kuuza mwana wawo: "Wajambula? Usawauze amako. Mbuzizo ndazitulutsa kalekale. Ndimangofuna ndimve kuti adzuka bwino."

Zaka zonse zija ndinkati munthu wosaleza mtima! Zaka zonse zija ndikuwalalatira, iwo akungomvetsera ngati ndili bwino!

Ndinacheuka kuti ndiwauze alamu kuti mwamva mlongo wanu, n'kuwapeza misozi ili chuchuchu mpaka pachibwano. "Bwezeraninso," anatero. Mayi uja anabwezera. "Kachikenanso." Anabwezera kanayi, ine ndikuvina pakati pa mawaya, ndikulira ndikuseka, osadziwa chomwe ndikuchita.

"Nanga mwambo uja, alamu?" ndinafunsa. "Ndiwasiye kuno?"

Anamina m'chitenje. "Tinasudzula inu. Za bokosi sitinakambepo."

Mayi uja anawaika mawuwo pamalo paokha, pomwe anati apudeti ina ikabwera sidzawazula. Anafunsa ngati adule monga kale. Ndinati ayi, ikani onse, ndi kukalipa kwanga komwe. Anawaikanso m'timakadi tiwiri tating'ono ngati chikhadabo. Kena ndinasunga m'Baibulo, kena alamu anamanga pamfundo ya chitenje, n'kumangokagwiragwira njira yonse.

Mwana ndinamuimbira pachulu pomwe paja. Ndinati, "Iwe, unandibisiranji?" Anati, "Abambo anati ndisakuuzeni." Ndinati womvera mwambo ndiwe, osati bambo ako.

Masiku ano ndikadina batani sindiyankha msanga. Ndimamusiya mkazi wa m'bokosi uja akalipe yekha, ndimadikira kuseka kwa m'mphuno, ndimadikira mpaka kumapeto. Akamaliza ndimati, "Ndadzuka bwino, abambo a ana, ndadzuka bwino." Kenaka n'kupita kukatulutsa mbuzi.