A Dou ndi Zigayo Zoima

A Dou Mancang a kuno ku Shagangzi anabadwa tsiku limene mphepo inasasula denga la khola la bambo awo, ndipo chiyambire pamenepo iwo ndi mphepo samwerana madzi. Funsani aliyense. Khosi lawo linapendekera kumanzere chifukwa choyenda mozemba mchenga, koma eni ake amati n'kuganiza kwambiri. Kuganiza chiyani, munthu woti sukulu anaitsanzika atangodziwa kulemba dzina lake?

Ali mnyamata ankaweta nkhosa, mphepo n'kumazibalalitsa. Atakwatira Cuilan anayamba kulima chimanga, mphepo n'kukwirira mbewu ndi mchenga. Anadzala mitengo kuti itchinge, mphepo n'kuipinda ngati khosi la mwini wake. M'mawa uliwonse ankatuluka panja, kulavula, n'kuipatsa moni: "Wadzuka kale, mfiti iwe? Lero udya chiyani changa?"

Kenaka kunabwera anthu a zipewa zolimba n'kuimika pa busa nsanamira zoyera zazitali, iliyonse ya mapiko atatu. Kuno timangoti zigayo, ngakhale palibe chimene zimagaya; ntchito yake n'kusandutsa mphepo kukhala magetsi. Woyamba kupereka busa lake anali a Dou. Musati ankakonda chitukuko, ayi, unali mkwiyo chabe. "Imangeni goli!" ankatero. "Yatizunza zaka zonsezi, nayo ilawe thukuta." Nkhosa zambiri anagulitsa, natumiza mwana wawo mmodzi yekhayo, Haitao, kukaphunzira za makina. Mnyamatayo atabwerako analembedwa ntchito pa zigayo pompo, yokwera pamwamba kukathira girisi ndi kumanga mabawuti.

Vuto linali limodzi. Haitao ankakwera nsanamira ngati nyani, koma akaona mtsikana lilime linkauma. Zaka makumi atatu zinali pakhomo, atsikana a m'mudzi onse atapita kumizinda, Cuilan akulirira mu mphika. Ndi Mayi Pang, mkhalapakati wa maukwati uja, amene anafukula Yanni, mwana wa a Qu Deshun a m'tauni. A Qu amayendetsa chigalimoto chokokolola malasha pa siteshoni ija imene imapanga magetsi n'kutenthetsanso madzi ofunditsa nyumba za m'tauni. Anawo anaonana, ndipo akuti Haitao anayankhula mawu angapo osakomoka. Chinatsala n'chakuti akwawo kwa mtsikana adzaone pakhomo. Mwambo wake mukuudziwa: akakhala pansi n'kudya, avomera, akanyamuka chakudya chili patebulo, iwalani.

Tsiku anasankha ndi a Dou. Anafufuza za nyengo pa foni, magalasi ali pamphuno, mpaka anapeza tsiku la mphepo yoopsa pakati penipeni pa nyengo yozizira.

"Limeneli! Adzaone zigayo zikuthamanga, adziwe kuti mwana wanga sagwira ntchito yamasewera."

"Bambo, sankhani lina," anatero Haitao. "Nyengo ino mphepo ikakula amatiimitsa."

"Amakuimitsani ndani?"

"A ku ofesi yogawa magetsi. Mawaya opita kumizinda ya kummwera amadzaza, sangasenze zonse. Siteshoni ya malasha sangaizime, anthu m'tauni angaume ndi kuzizira. Ndiye ouzidwa kuti khalani pansi timakhala ife."

"Bodza la alesi limenelo. Waya ungadzaze ngati thumba? Iwe dzulo lake ukathire girisi wokwanira basi."

Kunena zoona, a Dou anali ataziona zigayozo zitaima kambirimbiri mphepo ikuwomba, koma nthawi zonse ankati anyamata akuumira girisi. Komabe mawu a mwana anawalowa pang'ono. Ndiye anachita zimene munthu wa kuno amachita akafuna kuti chinthu chiyende: ananyamula mwendo wa nkhosa ndi botolo la mowa woyera, ulendo kwa mlonda wa pageti la zigayo.

"Achimwene, Loweruka ndili ndi alendo. Zisaime."

Mlondayo ndi munthu woti chimene amatha kuyatsa ndi kuzima ndi ketulo yake yokha. Anayang'ana mwendowo, nayang'ana botolo. "Ndiyesetsa, a Dou."

Loweruka mphepo inabwera monga inalonjezera. Inkalira m'mawaya, inkakankha chitseko, nkhuku zinakana kutuluka. Cuilan anali atakoleza moto pansi pa kang, bedi lathu la njerwa lija, mpaka kukhalapo kunkafuna kulimba mtima. Jiaozi, timitanda tathu ta ufa wa tirigu tokutira nyama ya nkhosa ndi kabichi wowawasa, zinali zitandandalikidwa pathabwa, zikudikira madzi owira. A Dou anakhalira m'nyumba m'mawa wonse akulimbana ndi jekete la ukwati wawo limene linakana kukumana pamimba, moti kunja sanasuzumireko.

Galimoto itafika, munthu wanzeru akanalowetsa alendo kuti afunde. Osati a Dou.

"Tiyi adikire! Tiyeni kuseri kuno muone kaye."

Anawatsogolera pa kachulu ka kuseri kwa nyumba, a Qu atagwira chipewa ndi manja awiri, Mayi Pang akukokedwa ndi mpango wawo, Yanni atabisala kumbuyo kwa Haitao. A Dou anatambasula dzanja ngati mwini dziko, natembenuka.

Zii. Kuyambira pafupi mpaka kumene maso amalekezera, zigayo zonse zinali chiimire, mapiko ali tasa, ngati anthu ogwidwa akuba.

"Ndiye zimenezi?" anafunsa a Qu.

"Zikupuma kaye," anatero Mayi Pang msangamsanga. "Makina abwino amapuma."

"Mphepo yofuna kundivula buluku ino, izo zikupuma? Nanga zimagwira ntchito liti, kukakhala bata?" A Qu anatembenukira kwa Haitao. "Mwana iwe, ntchito yako ndi imeneyi? Kulondera mitengo youma?"

"Zili bwinobwino, bambo, kungoti atiuza kuti..."

"Kampani ikamafa imayamba chonchi. Ine kwathu chumuni sichinasiyepo kufuka. Mwana wanga azidzadya chiyani, mphepo?"

Apa a Dou akanameza mate. Koma mawu a Haitao aja, amene anawatcha bodza la alesi, anawabwerera onse nthawi imodzi, n'kutulukira pakamwa asanawasefe.

"Chumuni chanucho ndiye mfiti yake! Mwadzaza mawaya ndi utsi wanu, ife tidutsa pati? Mphepo yaulere ili apa, inu kukakamira kukokolola malasha ngati nkhumba pa dzala!"

"Nkhumba ndani?"

"Sindinatchule dzina."

"Nkhumba imeneyo ndi imene imafunditsa tauni yonse, madala! Tizime tsiku limodzi muone ngati ana a anthu angafunde mapiko anuwo."

"Abale, kukuzizira, tikakambire m'nyumba," anachonderera Mayi Pang. Analowadi, koma a Qu sanavule n'chipewa chomwe. Cuilan anali atangotsitsa jiaozi, nthunzi ili tolotolo. A Qu anaziyang'ana, kukhosi kukuyenda, nati, "Yanni, tiye. Tadya kale." Mtsikanayo anayang'ana Haitao, Haitao anayang'ana nsapato zake. Galimoto inalira, n'kupita.

Cuilan sanatukwane. Zikanakhala bwino akanatukwana. Anangokhala m'mphepete mwa kang, manja pamiyendo, akuyang'ana mbale. A Dou anatuluka panja opanda chipewa.

"Wakhuta tsopano?" anakuwa. "Nkhosa unadya, chimanga unadya, lero wadya mpongozi wanga! Ndinakupezera ntchito, mfiti iwe, ntchito yeniyeni, ndiye akukubweza pageti ngati wopemphetsa!"

Mphepo inawayankha ndi chipale chofewa chozizira m'kamwa. Inali itayamba kukokolola chipale chonse cha m'chigwa n'kumachiunjika paliponse pamene pali potsika. Ndipo msewu wathu wopita m'tauni, pamene umadutsa pakati pa zitunda ziwiri paja, ndi potsika.

Dzuwa lisanalowe galimoto ija inabwerera, chipale chitatseka msewu, ikuyenda ngati galu wobwezedwa ku ukwati. A Qu anatsika nsidze zili mbuu, atayesa kufoshola chipale ndi chivundikiro cha ndowa mpaka zala kufa. Kunalibe kwina kopita. Anakwera pa kang osapemphedwa, Cuilan n'kubwezera jiaozi pamoto.

Mbale zitafika, a Qu anakweza chala. "Aliyense amve. Tikudya chifukwa cha njala ndi msewu. Uku si kuvomera."

"Pakamwa sipafunsa zifukwa," anatero Mayi Pang, atadzaza kale tsaya.

"Ndati si kuvomera!"

"Nanenso sindikupatsani chifukwa chokukondani," anatero a Dou. Cuilan anawaponda phazi.

Anayamba kudya. Yanni anamaliza mbale yake, naipukuta ndi kachidutswa komaliza, kenaka anaitambasulira kwa Cuilan ndi manja awiri.

"Ndiwonjezereniko."

"Yanni!" anatero bambo ake.

"Njala yathera m'mbale yoyamba ija, bambo. Iyi ndikudya ndikudziwa chimene ndikuchita." Anatembenukira kwa Haitao. "Iwenso uziyankhula. Ukanafotokoza bwino pa chulu paja, bwenzi madala awiriwa asanatchulane nkhumba."

Haitao anatsamwa. A Qu anayang'ana denga nthawi yaitali, kenaka nawonso anakankhira mbale yawo kutsogolo, ati kabichi yekhayo ndiye anakoma.

Ukwati unachitika chipale chitasungunuka. Mukuganiza kuti a Dou anakondwa? Anakondwa theka. Chimawapweteka mpaka lero n'chakuti m'mudzi muno aliyense amati mpongozi anamubweretsa ndi mphepo, mdani wawo uja, ndipo inachita zimenezo pa tsiku limene inakanizidwa ntchito. Akuti kukubwera waya wina waukulu wopita kummwera. A Dou amati adzakhulupirira akadzaupachikapo jekete. Mlonda uja samuyankhulitsa. Mwendo wa nkhosa sunabwerere.

Ndipo nyengo yozizira ikafika, mphepo ikayamba kukankha zitseko, foni yawo imalira. Amadziwa kale amene akuimba, koma amayankhabe.

"Asewere," amatero a Qu, kumbuyo kukumveka chigalimoto cha malasha, "kuno kwafunda bwino. Nanga kumeneko, zikuzungulira?"

A Dou amasuzumira pawindo, khosi lili pendeke, n'kudula foni.