Maso pansi, msuweni pa ndege

Msuweni wanga, mwana wa azakhali, ali kunja tsopano, ku yunivesite. Amatumiza zithunzi atavala chijasi chofika m'mawondo, kumbuyo kwake kuli mitengo yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo pansi pa chithunzi amalemba kuti kukuzizira. Kuzizira! Auze ife a kumapiri a Dedza, amene mu Juni timachapa m'madzi oluma zala mpaka kulephera kumanga chitenje? Komabe chithunzicho ndimachiyang'ana mpaka foni kuzima yokha, ndiyeno ndimayiyatsanso. Ndisaname, nsanje imandigwira. Pamene wayimapo ndimapaona ngati panga.

Tinakulira limodzi, iye tsidya ilo la mtsinje, ine tsidya lino. Tinkapemphera limodzi ku Kasina, sukulu inalinso imodzi. M'kalasi ndinkamusiya kutali, ndipo iye amadziwa, mungamufunse. Chimene ankandiposa chinali pakamwa ndi maso. Mwana ameneyu, munthu wamkulu akamalankhula naye, ankamuyang'ana dwii, osaphethira, ngati akufuna kuwerenga mano. Amayi ankati akamuona akutero amagwira mutu. “Usadzatengere uja,” ankandiuza. “Mwana woleredwa akamalankhula ndi akulu maso amakhala pansi, manja pamiyendo.” Ine ndinamvera. Kumphakati wa kutchalitchi, amayi ena akafuna kudzudzula ana awo ankatchula ine, ndipo ndinkamva kukoma.

Titalemba mayeso a Folomu 4, aphunzitsi athu a Chingerezi anatiyitana tonse awiri. Anati pali yunivesite ina kunja imene imatenga ana a kumudzi n'kuwalipirira zonse, koma kuchigawo chathu malo anali amodzi. Ine ndinamva kuti malowo ndi anga ndipo msuweni akungondiperekeza. Tinavutika limodzi: kukatenga pasipoti ku Lilongwe, kulemba mayeso ena a Chingerezi, kulemba nkhani yofotokoza kuti ndife yani. Nkhani ya msuweni ndinamukonzera ndine, titakhala pamkeka kuseri kwa nkhokwe. Chingerezi chake chinali chopindika ngati mpini wa khasu, ine n'kumachiwongola mwachifundo. Ndikakumbuka chifundo chimenecho ndimadzitsina.

Tonse tinadutsa. Chinatsala n'kuti akuluakulu a kuyunivesiteko alankhule nafe maso ndi maso pa kompyuta. Kwathu netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, m'munda wa mbatata wa azakhali, ndipo mphepo ikawomba imathawa. Choncho abambo anakapempha malo ku Linthipe kwa bambo wina wachisilamu wa golosale, amene amawagula chimanga chaka chilichonse. Bamboyo anatipatsa kachipinda ka kumbuyo, anasuntha makatoni a sopo, n'kuyika tebulo ndi mpando. Aphunzitsi anatibwereka laputopu yawo.

M'mawa wa tsikulo amayi anandikonza kolala ya bulauzi, nandigwira paphewa. “Mwana wanga, amene ukalankhule nawowo ndi akuluakulu. Usakatichititse manyazi. Akaone kuti unachokera m'nyumba ya anthu.”

Woyamba kulowa ndinali ine. Pagalasi la laputopuyo panaoneka azungu atatu, ndipo pakati panali mayi wa imvi mutu wonse, wamkulu kuposa agogo anga. Khosi langa linawerama lokha, sindinalitume. Pang'onong'ono ndikanatsika pampando n'kugwada, kungoti ndinaopa kuti pagalasi paoneka khoma lokha. Anayamba kufunsa, ine kuyankha. Koma ndinayankha, abale! Chingerezi chinkatuluka chosalala, funso lililonse ndinkalimaliza bwinobwino, maso ali pa zala zanga pamiyendopa. Mayi uja anandidula mawu n'kundipempha kuti ndiwayang'ane. Ndinadzutsa mutu, maso athu anakumana, ndipo ndinamva ngati ndawatukwana. Ndisanamalize chiganizo chotsatira ndinali nditaweramanso. Mumtima ndinkati aona okha kuti mwana uyu ndi waulemu.

Kenako analowa msuweni, ine n'kukhala pabenchi pakhonde. Sipanapite nthawi ndinamva kuseka. Ankaseka iye, azungu aja n'kumasekanso. Bambo wa golosale uja, akuyeza shuga, anapukusa mutu. “Mnzakoyu akucheza nawo ngati akumana pamjigo,” anatero. Ine ndinamumvera chisoni msuweni. Pobwerera m'minibasi ndinamugulira chimanga chootcha kuti asadandaule kwambiri.

Anatenga iye.

Sindinalire pagulu. Ndinavina nawo pachisangalalo, ndinaphika nawo, ndipo tsiku lonyamuka chikwama chake ndinachisenza ndine mpaka pamsewu. Azakhali ankalira n'kumaseka nthawi yomweyo. Anthu ankandisisita pamsana kuti nthawi yanga idzakwana, ena n'kumanong'ona kuti mwina nzeru zanga zinali zongomveka. Ine ndinkafufuza m'mutu funso limene ndinalakwa, osalipeza. Ndinafika poganiza kuti mwina nkhani ija ndinamukonzera mopitirira, kuti Chingerezi chimene chinamukweza ndege chinali changa. Ndinayamba kuphunzitsa mongothandizira pasukulu ya pulayimale kufupi ndi Mayani, ndipo mpaka lero ndili pomwepo.

Azakhali alibe foni yoonetsa nkhope. Ndiye Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa, ndine amene ndimakwera nawo pachulu paja, kugwira foni yanga m'mwamba kuti alankhule ndi mwana wawo. Dzanja limatopa, iwo akufunsa ngati akudya, iye akuwaonetsa chipinda chake, mashelefu a mabuku, zenera. Ine ndimaona zonsezo cham'mbali, ngati munthu wosuzumira ukwati umene sanayitanidwe.

Lamulungu lina azakhali atamaliza, msuweni anati ndisadule.

“Iwe msuweni, ukuwakumbuka agogo a imvi aja? Akundiphunzitsa chaka chino. Ndipo akukukumbuka!”

Ndinafunsa kuti akukumbuka chiyani.

“Anandifunsa za mtsikana amene analowa ine ndisanalowe. Akuti mayankho ako anali abwino kuposa a wina aliyense. Koma akuti unkawerenga. Ankaganiza kuti wabisa pepala pamiyendo.”

“Pepala lanji?”

“Ndi zimene ndinawauza! Ndinati ayi, uja ndi ulemu, kwathu amatero. Kuno munthu akamalankhula atayang'ana pansi amati akubisa kanthu. Anagwira pakamwa mayi aja, anadandaula kwambiri.” Kenako anaseka, kuseka komwe kuja kwa ku Linthipe. “Waonatu, ulemu wako uja! Ine wamwano ndi amene ndikudya za azungu.”

Chisuweni chimalola kunyozana, ndipo masiku ena ndikanamubwezera mawu oti akagone nawo. Koma osati tsiku limenelo. Ndinangoyang'ana nkhope yake yonenepa bwino pagalasipo, ndipo ndinalakalaka netiweki itathawa. Sinathawe. Azakhali, amene sanamvetse bwino nkhaniyo, anati, “Akuti akukutamanda azunguwo? Eya, mwana wa achimwene ndi waulemu, ngakhale kunja akudziwa.”

Ndinatsika pachulu, kudutsa m'mizere ya mbatata, kuwoloka mtsinje, mkwiyo ukukula ndi phazi lililonse. Sindinkadziwa woti ndimukwiyire. Mayi wa imvi uja anali kutali, ndipo anali atadandaula kale. Msuweni sanabe kanthu, anangoyang'ana kumene amayang'ana masiku onse. Amene anatsala anali amayi.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Sindinagwade. Ndinayima patsogolo pawo, n'kuwafotokozera zonse, ndikuwayang'ana m'maso. Kanali koyamba chibadwire. Ndinaona kuti diso lawo lakumanzere layamba kuchita mtambo woyera pakati, chinthu chimene sindinkachidziwa ngakhale timagona nyumba imodzi. Ndinkafuna anene kuti pepa. Ndinkafuna angovomera kuti yunivesite ija inali yanga.

Amayi anasiya kusankha nyemba. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, koma sindikudziwa ngati anamva za pepala ndi za azungu.

“Ukundiyang'ana choncho bwanji?” anafunsa motsitsa mawu. “Wayamba za msuweni wako?”

Ndinayesetsa. Ndinadziuza kuti lero lokha sindiwerama, ngakhale kugwe chiyani. Koma khosi lija, lomwe lija la ku Linthipe, linayamba kutsika lokha, mpaka ndinapezeka ndikuona zala za kumapazi kwanga ndi nyemba imodzi imene inagwera pansi.

“Eya,” anatero amayi, akugwedezanso lichero. “Ameneyo ndiye mwana wanga.”