Mtapo wa Amayi

Zaka zimene boma linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ine ndinasamuka nalo ngati katundu wake. Ndinali wotayipa makalata mu ofesi ina, ndipo anatikweza pa lole pamodzi ndi mafayilo ndi mipando. Anzanga ankadandaula njira yonse, ati tikupita kufumbi kopanda ngakhale phiri loti maso apumirepo. Ine ndinkangovomereza nawo, chonsecho kufumbiko kunali kwathu. Ku Zomba ndinangopitira sukulu ndi ntchito. Koma zimenezo sindinkazilengeza, ndipo anthu atayamba kunditchula kuti mtsikana wa ku Zomba, sindinawatsutse.

Lilongwe wa masiku amenewo ndimamulakalaka mpaka lero. City Centre inali nyumba zingapo zoyera zitaima patalipatali m'tchire ngati mano a nkhalamba. Ukafuna kuona anthu unkapita ku Old Town, kumene kunali msika, mabasi, matelala pakhonde la masitolo ndi fungo la chinangwa chootcha. Bulauzi yoyera unkaivala m'mawa, pofika masana yafiira. Komabe aliyense ankayenda mothamanga, pokhulupirira kuti mzinda ukumangidwawo ndi wake.

Amayi anga ankachapa ndi kusita m'nyumba ina ku Area 3. Mudzi wathu unali utasamutsidwa kuti mzinda upeze malo, bambo anali atamwalira kale, koma amayi anakana kutsatira abale kumalo atsopano. Chinawagwira ndi mtapo, dzenje lotapamo dothi loumbira. Amayi anali woumba mbiya, ndipo dothi lawo linkachokera m'dambo lina cha kumene lero kuli Area 13, pamalo pomwe ankatapa amayi awo. Loweruka masana ankayenda wapansi kukalisenza, n'kumaumba kuseri kwa kanyumba ka antchito. Madzi a mu mtsuko wawo ankazizira mpaka mano kuwawa. Ukawauza za dothi la kwina ankangoseka, ati amenewo ndi matope.

Chaka china oyeza malo anakhoma zikhomo zofiira m'dambomo. Aliyense ankadziwa kuti mvula isanagwe mubwera giredala kudzasalaza malowo. Amayi sanalire. Iwo ankangofuna lole ya tsiku limodzi, kuti atape dothi lokwanira zaka zingapo n'kulisunga.

Lole yoteroyo inalipo. Ku Old Town kunali bungwe limene linkakumana mu holo ya tchalitchi Lamulungu loyamba la mwezi, mapemphero akatha. Munali akazi a mabwana a m'boma, eni masitolo, aphunzitsi, komanso alonda ndi osamala maluwa m'mayadi. Aliyense ankapereka chimene ali nacho. Kalipentala ankakhoma mabenchi, telala ankapereka tsiku lake, ndipo wamalonda wina ankabwereketsa lole yake kamodzi pa mwezi. Bungwelo palokha silinkaimba kapena kudwazika matenda, linkangolimbitsa timagulu tochita zimenezo. Kwaya ya alonda inasokeredwa yunifomu, amayi ophikira odwala kuchipatala anatutiridwa nkhuni, osema ziboliboli anamangiridwa shedi. Apampando, mayi wamagalasi yemwe mwamuna wake anali mkulu mu unduna wina, ankatseka msonkhano uliwonse ndi mawu akuti kupatsa n'kuika.

Chimene ndinkalikondera bungwelo chinali lamulo lake limodzi: munthu sankadzipemphera yekha. Oyambitsa bungwelo ankatidziwa ife anthu. Ngakhale njala itatipotola bwanji, ukatifunsa pagulu timati tili bwino. Choncho wopempha ankabwera ndi womuyankhulira, monga zimakhalira ndi ankhoswe. Mwiniwake ankakhala duu pa benchi, mnzakeyo n'kuimirira kufotokoza vuto lonse. Ine lamulolo ndinkalidziwa bwino kuposa ambiri, poti ndinali mlembi wa bungwelo. Anandisankha chifukwa chodziwa kutayipa, ndipo udindowo unandikuza mutu.

Loweruka lina ndinawapeza amayi akusita malaya a abwana awo.

"Mawa ndibwera ku msonkhano wanu uja," anatero, maso ali pa simbi.

"Chabwino, amayi."

Sanandipemphe kuti ndikawayankhulire. Kwathu kholo silipempha mwana zinthu zoterozo. Kungonena kuti ndibwera kunali kokwanira, ndipo tonse awiri tinamvana.

M'mawa mwake ndinakhala pa tebulo lakutsogolo, pambali pa apampando, nditazunguliridwa ndi amayi onunkhira sopo wodula amene ankanditcha mwana wawo wa ku Zomba. Amayi analowa mochedwerapo, opanda nsapato, chitenje chawo chitafwifwa, atanyamula kamtsuko koti anthu aone ntchito yawo. Anakhala pa benchi lakumbuyo n'kuika kamtsukoko pamiyendo. Nditawaona ndinachita manyazi. Ndanena mosabisa, chifukwa ndayesa kwa zaka zambiri kupeza dzina lina la chimene ndinamvacho ndipo silinapezeke.

Opempha awiri anayankhuliridwa, nkhani zawo n'kutha. Kenaka apampando anasuzumira kumbuyo.

"Nanga mayi ali ndi mtsukowo, akuwayankhulira ndani?"

Ine ndinawerama n'kuyamba kulembanso tsiku la msonkhano, limene ndinali nditalemba kale pamwamba pa pepala. Mumtima ndinkati ndipume kamodzi kokha, kenaka ndiimirire. Ndinapuma kamodzi, kawiri, katatu, miyendo osadzuka.

"Palibe amene wabwera nawo mayiwa?" anafunsanso apampando.

Amayi sanandiyang'ane ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho n'chimene chimandiwawa kwambiri. Anadzuka, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Pepani amayi, ine ndangoperekeza anzangawa," anatero.

Mwezi umenewo lole inapatsidwa kwa anthu ena, inakatuta njerwa.

Lachitatu nditaweruka ndinapita ku Area 3 ndi paketi ya shuga, mphatso ya munthu wolakwa. Amayi analandira ndi manja awiri, anandifunsa za kuntchito, anandiuza kuti ndikuonda. Za msonkhano sanatchule. Ndinakhala pamenepo ola lathunthu ndikudikira kuti andikalipire, koma anangondiperekeza mpaka pageti monga mwa nthawi zonse.

Msonkhano wotsatira amayi sanabwere. Itakwana nthawi ya opempha ndinaika cholembera pansi n'kuimirira.

"Ndikuyankhulira mayi aja anabwera ndi mtsuko mwezi watha," ndinatero. "Ndi amayi anga ondibereka. Ine kwathu ndi konkuno."

Ndinafotokoza za mtapo, za zikhomo, za lole. Ndinkayembekeza kuti anthu adabwa, koma palibe ngakhale mmodzi anatembenuka kuyang'ana mnzake. Apampando anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Tinkadziwa, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Mphumi yako ndi ya mayi ako. Tsiku lija tinkadikira iwe. Ukanakhala kuti kulibe, ndikanaimirira ndine. Koma mwana ali pomwepo, mlendo sangamulande malo."

Lole inavomerezedwa popanda wotsutsa. Loweruka m'mawa tinakwera, ine ndi amayi kutsogolo ndi adalaivala, kumbuyo alonda amene anali atangoweruka ndi osamala maluwa angapo, atanyamula makasu ndi mafosholo. Anaimba nyimbo za kwaya kuchokera pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe mpaka kudutsa City Centre, anthu a m'mbali mwa msewu akutibayibitsa ngati tikupita ku ukwati. Amayi anali asanakwerepo kutsogolo kwa galimoto. Ankagwira mpando mwamphamvu, koma ndinawamva akuthira mang'ombe m'nyimbozo chapansipansi. Sindinawaonenso akusangalala chotero.

Nyimbo zinatha zokha titakhota. Dambo panalibe. Panali bwalo lalikulu losalala, lothiridwa miyala yofiira, giredala itaima chapatali. Mlonda wa pamalopo anatiuza kuti inagwira ntchito sabata yapitayo.

Amunawo sanafune kugonja. Anathamangira ku mulu wa dothi umene giredala inakankhira pambali n'kuyamba kukumba. Amayi anagwada, anatapa pang'ono, analavulira m'manja, n'kulifikisa pakati pa zala. Anayesa kulipota ngati chingwe, linayoyoka. Anasunthira pena, anayesanso. Anayesa malo anayi. Lonse linali litasakanikirana ndi mchenga ndi miyala.

Atadzuka anapukuta manja pa chitenje, n'kuyamba kuthokoza anthu mmodzimmodzi, kuyambira adalaivala mpaka mlonda wa pamalopo, ati pepani takuvutitsani. Ine ndinali chiimire pafupi ndi lole, misozi ikutsika, ndikufunafuna mawu oyambira. Atafika pa ine anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nsapato zako zada, mwanawe," anatero. "Ukazipukute bwino usanalowe nazo mu ofesi Lolemba."

Ndinazipukuta. Amayi anakhala ndi moyo zaka zina zambiri, koma sanaumbenso mbiya.