Akuti Ndinamukonda Chifukwa cha Mankhwala a M'mphuno

Anzanga, ine sindine wolongolola, koma lero mundipirire.

Mwamuna ameneyu ndinakumana naye pa 4 Malichi, kuchipatala. Mlamu wanga ndi amene anandiuza kuti akufuna amayi oti alowe m'kafukufuku wa mankhwala otchedwa oxytocin. Amakupopera m'mphuno, ena pang'ono, ena ambiri, kenako umagona m'makina ojambula ubongo n'kumayang'ana zithunzi za nkhope zokwiya, zamantha ndi zosekerera. Ankafuna aone ngati kuchuluka kwa mankhwalawo kumasintha mmene mkazi amamvera akaona nkhope za anthu.

Wopopera anali iyeyo.

"Asisi, kokerani mpweya m'kati. Musayetsemule, mungatiwonongere sayansi."

Ndinaseka mpaka kuyetsemula.

Ndinapitako katatu: pa 4, pa 11 ndi pa 18. Ulendo uliwonse ankapopera ka 6, zonse pamodzi ka 18.

Pa 19 anandiimbira. Nambala anaitenga pa fomu. Ndinkadziwa kuti n'zoletsedwa, koma ndinayankha.

Ine ndimagwira ntchito yosita zovala. Ankabwera masana, n'kukhala pa benchi pafupi ndi thebulo langa.

"Babe, ukamandiyang'ana choncho upsereza kolala ya eni ake."

Ndinamusitira malaya 41. Pa 10 Meyi ndinapita naye kwa amayi. Anamusiyira mpando wawo, iwo n'kukhala pa ndowa.

Pa 19 Juni mlamu anandiuza kuti mwamunayo akukwatira namwino wa kuntchito kwake komweko. Tsiku lomwelo mwamunayo anabwera ndi malaya awiri m'pepala, ngati palibe chachitika.

"N'zoona?"

Anakhala pa benchi paja.

"Tamvera. Iwe sunandikonde. Ndi mankhwala aja. Amachititsa mkazi kukhulupirira aliyense amene ali pafupi. Zitha zokha, relax."

"Miyezi itatu, mankhwala?"

"Iwe unalekeza ku pulayimale, izi sungazimvetse."

Anzanga... simbi inali m'manja mwanga, yotentha. Ndinaiika pansi bwinobwino.

Masiku 6 ndinkadzikayikira. Kodi mtima umenewu ndi wanga kapena wa m'botolo? Pa 25 ndinapita kwa adokotala aakazi oyang'anira kafukufuku. Ndinawayalira zonse, tsiku ndi tsiku. Analemba mpaka pepala linadzaza.

"Mwanangu, mankhwala amenewa sakhala m'thupi miyezi. Ndipo ameneyo sadzakhudzanso fomu ya munthu muno."

"Ine mundiuze chimodzi, adokotala. Munandipatsa ambiri kapena ochepa?"

Poti kafukufuku anali atatha, anatsegula envulopu ya nambala yanga. Anaiwerenga kawiri.

"Iwe unali m'gulu loyerekezera. M'botolo lako munali madzi amchere basi."

Madzi amchere!

Ndinatuluka. Ndinkafunitsitsa anene kuti anandipatsa ambiri kuposa onse, kuti ndipeze chonamizira. Koma ayi. Ndinamukonda ndekha, ndi mutu wanga wabwinobwino.

Kundisiya ndikanapirira, anzanga. Chimene sindimukhululukira n'choti atandisiya, anafunanso kundilanda ndi chikondi changa chomwe, kuti chisakhale changa.