Ulendo wokasaka mankhwala odzutsa kachilombo

Tinanyamuka pa Makanjira 6 koloko m'mawa pa lole ya matola, ine pamwamba pa matumba a usipa, kampango wowamba ali m'jumbo. Kampangoyo chinali chiphuphu. Mlongo wanga Asiyatu anamva pa wailesi kuti akatswiri akufufuza mankhwala odzutsa kachilombo ka HIV kamene kamabisala m'thupi, kuti chitetezo chikaone n'kukapha. Tsiku lomwelo anasiya ma ARV. Ankati mankhwala atsopanowo alipo ku boma, kungoti amasungira mabwana. Patatha milungu isanu anayamba kutsokomola, ine mantha anandigwira.

Kondakitala anandidula K15,000, akuti msewu ukudya matayala. Sananame. Pofika pa Lungwena cha m'ma 10 koloko, matako anga anali atasiya kundidziwa. Tikudya chinangwa chokazinga, mayi wina ananunkhiza jumbo langa.

"Achimwene, mukukafunsira mbeta?"

"Ndikukaonana ndi adokotala."

"Wadwala ndinu kapena kampangoyo?"

Tinawoloka mlatho wa Shire dzuwa litapendeka. Kuchipatala ndinakhala pabenchi mpaka 3 koloko, kenako ndinalowa n'kuika jumbo patebulo ngati munthu wozolowera zoterezi. Namwino wake anali mayi wachikulire, magalasi pamphuno. Anandimvetsera mpaka kumapeto osaseka, zomwe zinandichititsa manyazi kwambiri.

"Akuyesadi, bambo, koma sanafike kwa aliyense, ngakhale nduna. Ndiye taganizani, kachilombo mwakadzutsa, m'thupi mulibe ma ARV, kachita chiyani? Amene akuyesedwawo amayamba akumwa omwewa. Mlongo wanuyo mubwere naye, chifuwacho tichiyeze." Kampango anandibwezera, akuti akununkhitsa ofesi.

Ndinagona kwa msuweni wanga kwa Mponda, m'mawa n'kukweranso lole yomweyo. Njira yonse ndinkasula bodza loti mapiritsi akale a Asiyatu aja ndi omwe amadzutsa kachilombo, angowasintha dzina. Linkamveka bwino ndithu. Koma nditafika ndinamupeza pakhonde ataonda, chitenje atachizunguliza kawiri, dzanja atatambasula kale, ndipo bodza lija linakana kutuluka. Ndinazindikira kuti munthu amene wakudikira masiku awiri sungamunamize.

"Kulibe, achemwali. Akadzabwera, adzapatsa amene ali moyo."

Ananditukwana m'Chiyao, mawu oti sindingalembe pano. Atatopa anatsokomola, n'kuloza m'nyumba.

"Botolo la mapiritsi aja lili pansi pa matiresi. Ubweretsenso madzi."