Anandikhomera M'chipinda cha Seva Yakale

Ndikamafotokoza nkhaniyi anthu amaseka, ati kompyuta ingamangitse bwanji munthu, koma ndikulumbira pali mwana wanga, izi zinandichitikira ineyo ku Pretoria, masanasana dzuwa likuswa mtengo, zaka zija mafoni ambiri analibe kamera.

Ku Joni ndinapita ndi kasukulu kanga ka zamakompyuta, komabe ndinayamba ndi kutchetcha kapinga m'mayadi, mpaka bambo wina wa kwathu, amene ndinkawatcha achimwene chifukwa tinkapemphera mpingo umodzi, anandilowetsa pakampani yolemba mapulogalamu imene ankagwirako. Nthawi imeneyo mkazi wanga anali woyembekezera, tikukhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ku Olievenhoutbosch, ndipo pemiti yanga yokhalira m'dzikomo inali itatha. Za pemitizo ankadziwa ndi achimwenewo basi.

Ntchito yathu inkayenda chonchi: ukalemba pulogalamu umaikompaila pakompyuta yako, ndiye kuti kuisandutsa kuti makina aimve, kenako n'kuiika pa sidi, ulendo wa ku seva, kompyuta yaikulu ya kasitomala. Koma Java, imene imayendetsa pulogalamuyo, ili ndi mibadwo yake, ndipo chimene wakompaila ndi yatsopano, seva ya Java yakale imachikana kwamtuwagalu. Ndiye bwana atandipatsa ine kasitomala amene kale anali wa achimwene, kampani ya malole, ndinawafunsa achimwenewo za seva ya kumeneko. Anandiyankha akumwetulira kuti anaikamo okha Java yatsopano, ndisadzivute. Inu, munthu woti Lamulungu mumaonera limodzi buku la nyimbo, mungamukayikire?

Tsiku lokaika pulogalamuyo tinapitira limodzi. Achimwene anafufuta pulogalamu yakale, ine n'kuikamo yanga. Eish! Seva inangolavula kamzere kamodzi koti mtundu umenewu sikuudziwa, basi zii. Vutolo ndinalizindikira pompo, ndipo silinali lovuta, kungokompailanso mogwirizana ndi Java yakale, koma pa sevapo panalibe chokompailira, zonse zinali ku ofesi kwathu.

Panja malole anali atandandana kudikira mapepala a katundu amene pulogalamuyo inkasindikiza, madalaivala akuliza mahutala. Ndinapempha mwini kampani, chimzibambo chosaseka, kuti ndithamangire ku ofesi, koma anati anthu a mtundu wanga akatuluka pageti sabwerera. Anandivula jekete, n'kupezamo pasipoti, ndipo chondidabwitsa n'choti anatsegula molunjika tsamba la pemiti ngati wina anamutsina khutu. Kenako anandikhomera m'chipinda cha seva, cha magalasi, chozizira ngati mochale, n'kunena kuti akamaliza kudya zinthu zisakuyenda aitana apolisi.

Anthuni, anakokera tebulo pafupi ndi galasi n'kumadya nkhuku yake akundiyang'ana! Antchito ankabwera kudzasuzumira, ena akuseka. Ine ndinkangozimitsa seva n'kuyatsanso ngati chitsiru, zala zitauma gwa, mano akugundana, m'mutu muli mkazi wanga yekha, kuti akamva ululu usiku adzagogoda pakhomo pa ndani. Ndinamenya galasi, ndinagwada, kuwachonderera achimwene m'Chichewa chathu kuti athamangire ku ofesi m'malo mwanga. Iwo anangokhala pampando, akupemerera tiyi amene anawapatsa. Sindibisa, mkodzo unatsika ndi mwendo anthu onse akuona.

Apolisi atafika n'kundimanga maunyolo, achimwene anadzuka mwaulemu, anapisa m'thumba la m'kati mwa jekete yawo n'kutulutsa sidi ina. Ndisanafike n'komwe pagalimoto ya apolisi, ndinamva makina osindikizira akulira, madalaivala akuwaombera m'manja.

Anandibweza kumudzi ndi malaya omwewo. Mkazi wanga anachira yekhayekha kuchilendo, ndipo mwana wanga ndinadzamuona koyamba akuyenda kale, akundithawa ngati mlendo.

Ena amati mwina achimwene anangonyamula sidiyo mosamala chabe. Bodza limenelo! Ine ndimakhulupirira kuti anaikompaila mofatsa masiku angapo m'mbuyo, podziwa bwino kuti Java ya pa seva ija sanaisinthe, n'kukhala nayo pamtima nthawi yonse imene ndinkagwada paja. Ndiye inu a ntchito imeneyi, musanakompaile kanthu, kaifunseni seva ndi zala zanu kuti ili ndi mtundu wanji, musamve za m'kamwa mwa munthu, ngakhale akhale wa kwanu. Achimwene aja ndikumva kuti pano ndi mkulu wa mpingo, ndipo ine mpaka lero ndikalowa m'banki mozizira ndimatulukamo msangamsanga.