Preben Aphunzira Kuyankhula ndi Anthu

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu Preben Kjeldgaard anazithera m'mwamba, m'kanyumba ka kireni, chimakina chokweza ndi kutsitsa katundu, pa doko la Esbjerg. Ankakwera makwerero m'mawa ndi botolo la khofi n'kutsika madzulo. Mawu amene ntchitoyo inkafuna kwa iye anali owerengeka: kweza, tsitsa, ima, basi. Kunyumba mkazi wake Gudrun ndiye ankayankhulira onse awiri. Ana analibe. Gudrun atamwalira nyumba inangoti zii, ndipo Preben anangoizolowera choncho.

Chimene chinamutsitsa kumwambako ndi msana. Dokotala anamuletsa makwerero. Ku ofesi yothandiza anthu kupeza ntchito anamuuza kuti munthu wodziwa doko ngati iye akhoza kukhala pa desiki ku kampani yonyamula katundu, bola akaphunzire kaye chaka chimodzi ku koleji ya zamalonda. Ndiye ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu, Preben anagula chikwama ndi makope.

Kompyuta sinamuvute kwenikweni. Chimene chinkamutulutsa thukuta chinali phunziro la Lachiwiri, la kayankhulidwe ka kuntchito, limene ankaphunzitsa mayi Vibeke, mzimayi wamtali wosachedwa kuseka. M'kalasimo anali anthu khumi ndi asanu ndi anayi, choncho mphunzitsi akangoti "khalani awiriawiri", mipando inkakwekwerezeka uku ndi uku, Preben n'kutsala yekha. Anzakewo sanali ankhanza ayi. Ankamutcha madala, ankamutsegulira chitseko, koma nthawi yopuma ikakwana aliyense ankaweramira pafoni yake.

"Bwerani a Preben, lero ndine wanu," anatero mayi Vibeke tsiku lina. "Ine ndine kasitomala, katundu wanga wachedwa masiku atatu, ndipo ndalusa. Ndiyankheni."

"Afika Lachisanu."

"Kenako?"

"Kenako ndiye kuti wafika."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. "Madala sataya mawu!" anakuwa wina kumbuyo.

"Simunaname," anatero mphunzitsiyo akupukuta misozi. "Koma munthu wokwiya safuna tsiku lokha. Muonetseni kuti mwamumva. Mufunseni funso loti sangayankhe ndi eya kapena ayi."

Preben analemba zimenezo m'kope n'kudula mzere kunsi kwake. Kunyumba ankayeserera ali chiimire m'khichini, akuyankhula ndi mpando wopanda munthu. Loweruka lina anadzilimbitsa mtima ku golosale, nafunsa mayi wa pa kauntala kuti tsiku lawo likuyenda bwanji. Mayiyo anamuyang'ana modabwa. "Mukufuna jumbo?" Preben anati eya, ngakhale anali ndi yake m'thumba.

Mayeso a kumapeto kwa chaka anali oti aliyense aime kutsogolo ndi kuyankhula mphindi zitatu pa nkhani ya kuntchito. Anzake anakamba za kugulitsa nsapato pa intaneti ndi za misonkhano. Preben anaimirira, pepala limene analikonza kwa masabata awiri lili m'manja, koma zilembo zinkangoyandama. Analipinda.

Anayamba kukamba za Aksel, bambo amene ankaima pansi pa kireni n'kumamulozera ndi manja. Anati kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankadziwa kuti Aksel watopa kapena wakwiya pongoona mmene akugwedezera mkono. Anafotokoza za tsiku la mphepo yoopsa pamene chitsulo chachikulu chinayamba kuzungulira m'malere, Aksel osathawa, akumutsogolera pang'onopang'ono mpaka chinakhala pansi. Atatsika madzulo ake, awiriwo anangogwedezerana mitu, aliyense n'kulowa m'galimoto yake. Sanapondepo pakhomo pa mnzake. Tsiku lina Preben anangoona kuti pansipo paima munthu wina.

Mawu anamuthera pamenepo. Anabwerera pampando wake.

Ena onse atatuluka, mayi Vibeke anamuuza kuti wakhoza. Kenako anafunsa, "Nanga a Akselwo ali kuti?"

"Kaya."

"Simunafunsepo?"

"Sindinkadziwa kuti ndiyambira pati."

Nambala ya foni ya Aksel, Preben anaipeza kwa kapitawo wawo wakale. Inakhala patebulo masiku asanu ndi limodzi. Lamlungu masana anaimba.

"Ndani?"

"Preben. Wa kireni."

"Iwe! Ndimayesa unaumira m'kanyumba kaja. Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Palibe. Ndimati ndimve, moyo ukuyenda bwanji kumeneko?"

Aksel anaseka mpaka kutsokomola. "Zaka zonse zija sunandifunsepo ngakhale nthawi. Wakuphunzitsa ndani mafunso amenewa?"

"Ndili pa sukulu."

"Pa sukulu! Ndi imvi zakozo?"

Aksel anamuuza kuti anasamukira ku Tønder kufupi ndi mwana wake wamkazi, mawondo anamuthera, ndipo akuweta njuchi zimene sizimumvera. Anati kukafunda abwere adzaone.

Kutafunda Preben anapitadi, atanyamula keke ya ku bekale. Anakhala panja pafupi ndi ming'oma ya njuchi, namwa khofi. Anakamba za anzawo amene anamwalira, ndi za kireni yatsopano imene akuti imayendetsedwa munthu ali pansi. Nkhani zitatha anangokhala. Kenako kunabwera zidzukulu za Aksel ndi phokoso lawo, ndipo Preben anaona kuti mnzakeyo ali ndi anthu ake. Anatsanzika nthawi ikadalipo. Aksel anamupatsa botolo la uchi, nati adzabwerenso.

Mwezi wotsatira Preben anayamba ntchito ku kampani ina yaing'ono pafupi ndi doko, yoyankha mafoni a madalaivala a malole. Amaigwira bwino. Dalaivala akakalipa kuti wadikira maola awiri pageti, Preben amamusiya amalize, n'kumufunsa kuti wachokera kuti ndipo msewu unali bwanji. Ena amadula foni, ena amafotokoza mpaka kuiwala kuti anakwiya. Nthawi ya nkhomaliro amakhala kumapeto kwa tebulo ndi buledi wake wakuda, akumvetsera za anzake. Ku Tønder sanabwerereko, koma chaka chino pa Khirisimasi Aksel ndi amene anaimba.